Ana a ku yunivesite akabwera ndi mafunso, nafenso tiziwafunsa

Zikomo a Gulupu pondipatsa mpata. Mafumu onse, alangizi athu, amayi ndi abambo, ndakulonjerani. Amene mwakhala pansi pa mangoyo senderani kuno, mawu anga safika patali.

Ambiri mukundidziwa. Ndinakulira kuno ku Mchinji, ndipo mtedza ndinakumba nawo m'minda yomweyi ndisanapite kukaphunzira ku Bunda. Masiku amenewo Bunda inali nthambi ya University of Malawi, koma kuyambira 2012 inaima payokha, ndiyo mukumva akuti LUANAR. Lero ntchito yanga ndi yophunzitsa, ndipo sabata yamawa ana anga asukulu afika m'midzi muno atanyamula mapepala ndi timatumba. Ndatsogolako kuti asadzakupezeni modzidzimutsa.

Mwana wa ku yunivesite sangolandira digiri chifukwa choti wakhoza mayeso ayi. Akafika chaka chomaliza amasankha funso limodzi limene yankho lake silili m'buku, n'kupita kukalifufuza yekha. Asanaponde m'mudzi amalemba kaye chimene akufuna kudziwa, amene adzawafunse ndi mmene adzafunsire. Mphunzitsi womuyang'anira amamubwezera pepalalo kawiri, katatu, lodzaza inki yofiira. Akamaliza kufufuza amaima pamaso pa aphunzitsi n'kupanikizidwa ndi mafunso, thukuta lili kamukamu. Mkanjo uja mumauona pazithunzi amauvala atadutsa pamenepo. Ndiye mukaona mtsikana wakhala pamphasa panu akulemba, dziwani kuti zaka zinayi za fizi ya makolo ake zatsamira pa zimene mumuuze.

Funso la ana akubwerawa ndi la chuku cha mu mtedza. Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa nkhaniyi imandidya mumtima.

Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo pafupifupi 100,000. Atafufuza anapeza kuti zinadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo mu mtedzamo munali poizoni wotuluka ku nkhungu ina ya m'dothi. Poizoniyo ndi amene amamutcha aflatoxin. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyo. Kwathu kuno kawirikawiri sapha msanga chotero. Amalowa pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, n'kumawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo ofufuza amamupeza pafupi ndi kupinimbira kwa ana. Choopsa n'chakuti kukazinga sikumuthetsa. Kuphika sikumuthetsa. Njere imatha kuoneka yoyera bwino koma poizoni alimo.

Tsopano taganizani zimene timachita tonsefe. Tikafuna kusenda, timawaza madzi pamakoko kuti afewe, zala zisapweteke. Ena amawaza kuti thumba lilemere pasikelo ya venda. Madzi amenewo ndiwo amadzutsa nkhungu ija. Tikatha kusenda timasankha: wabwino ku msika wa Kamwendo, wonyala, wobooka ndi wakuda m'lichero. Wa m'licherowo umapita kuti? Mwayankha nokha amayi, mumtondo. Tisinje nsinjiro, tithire m'phala la mwana ndi m'nkhwani. Ine ndinadya phala limenelo, ndipo amayi anga anandiphikira ndi chikondi chonse, poti panalibe anawauza. Wabwino tikudyetsa ana a eni, woipa tikudyetsa athu.

Mwina wina akuti, ngati mukudziwa kale zonsezi, ana aja akudzafufuzanso chiyani? Funso labwino. Mukukumbukira njira younjika mtedza ija tinaphunzitsidwa, ya Mandela koko, yosanja masangwi mozungulira makoko atayang'ana mkati? Ambiri tinailandira ndi manja awiri. Koma akatswiri a ku LUANAR ndi anzawo ataiyesa m'minda ya alimi, moyerekeza ndi njira yongotembenuza mtedza pamzere makoko atayang'ana kumwamba, zotsatira zimene anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti chuku chinachepa pa wotembenuza pamzere uja. Kafukufuku amatero. Chimene tinkachiyesa chabwino dzulo amachiikanso pasikelo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mvula ya kuno si ya ku Salima, ndipo dothi la ku Mkanda si la ku Kapiri, choncho tiyenera kuyeza mtedza wathu womwe, wochokera m'nkhokwe zathu.

Ndipo musamaone ngati kafukufuku ndi chinthu cha ku tauni. Mukamapita ku Lilongwe mumadutsa pa Chitedze, malo ofufuzirako za ulimi. Mbewu ya mtedza ya CG7 ija dzina lake likuchokera pamenepo, inatulutsidwa mu 1990. Mbewu ya Nsinjiro, yopirira ku matenda a kadukutu, nayonso inadutsa m'manja mwa ofufuza zaka zambiri isanafike m'munda mwanu. Nanga Mtukula Pakhomo? Unayambira m'boma lathu lino mu 2006. Ofufuza a ku Centre for Social Research ku Zomba pamodzi ndi a ku Boston University anayenda khomo ndi khomo, kuyerekeza mabanja amene ankalandira ndi amene anali asanayambe kulandira. Anapeza kuti kumene ndalama inafika ana ankadya bwinoko ndiponso kupita kusukulu. Lero pologalamuyo ili m'maboma onse. Mayankho a agogo a kuno ndiwo anathandiza kutsegula njira imeneyo.

N'chifukwa chake ndikupempha chinthu chimodzi molimba: nenani zoona. Ana amenewa sakulemba mayina a makuponi, sakulemba za Mtukula Pakhomo, ndipo alibe thumba la feteleza m'galimoto. Ndikudziwa chimene chimachitika munthu akaona cholembera. Wakolola matumba 10 amati atatu, poganiza kuti mwina kukubwera chithandizo. Winanso amachita manyazi kuvomera kuti amawaza madzi. Koma mukabisa, mwanayo adzalemba kuti ku Mchinji sawaza madzi, ndipo amene adzawerenge adzakafuna gwero la vuto kwina. Sing'anga sachiza nthenda imene wodwala waibisa. Mukanena kuti mumawaza, palibe adzakutengereni kwa amfumu, ndipo dzina lanu silidzalembedwa m'buku lake.

Padzakhalanso kudandaula kwakuti alowa kwa uje, kwanga adumpha. Sikuti amfumu akondera. Nyumba timasankha mwa mayere kuchokera m'kaundula wa mudzi, kuti tisangofunsa okhala m'mbali mwa msewu kapena odziwa kulankhula okha. Mukamalawa ndiwo simumwa mphika wonse, koma mumayamba mwatakasa.

Tsono mbali yanu. Safunsa anadya phula. Mlendo aliyense wa kafukufuku, kaya ndi mwana wanga kaya ndi mzungu wa galimoto yaikulu, mufunseni wachokera sukulu iti, kalata yake ili kuti, ndipo akumuyang'anira ndani. Akufotokozereni m'Chichewa chimene akufuna, musanadinde chala. Muli ndi ufulu wokana, ngakhale kusiyira pakati, ndipo palibe chimene mungataye. Akafuna kujambula chithunzi apemphe kaye. Koma funso lalikulu kuposa onse ndi ili: zimene mupezezo mudzatiuza liti?

Ndikulinena ndi mtima wonse chifukwa ndinaliona ndili mnyamata. Kunabwera anthu ena kudzatenga dothi m'munda mwa malemu bambo anga. Anakumba malo asanu, anathira m'timapepala, analemba manambala. Bambo anawaphera nkhuku. Chaka chilichonse mvula ikayandikira ankandifunsa kuti, "Kodi aja a dothi aja sanalembe kalata?" Anamwalira osamva kuti dothi lawo linali ndi chiyani. Pamenepo ife ophunzira timalakwa kwambiri. Timatenga nzeru kumudzi, kukazilemba m'Chingerezi, kuziika mulaibulale, mwini wake osamva kanthu. Ine ndawauza ana anga kuti sindidzasainira buku la munthu amene sanabwerere pabwalo lino kudzafotokoza zimene wapeza. A Gulupu, mawu amenewa muwasunge, mudzanditengere pomwepo.

Anyamata ndi atsikana a ku sekondale ndakuonani mwaima kumbuyoko. Anzanuwo akabwera musawathawe, yendani nawo, anyamulireni timatumba, afunseni mmene analowera. Pamafunika makhirediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amene mukufuna za ulimi limbikirani masamu ndi sayansi. Mayunivesite a boma alipo angapo tsopano, ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso boma lili ndi ngongole ya ophunzira osowa. Ndikufuna tsiku lina woyeza mtedza wa mudzi uno adzakhale mwana wa mudzi uno.

Afika Lachiwiri m'mawa, ndipo ayambira kwa amfumu. Pakhomo pamene mayere agwera adzapempha mtedza wodzaza manja awiri. Musawasankhire wokongola. Atapireni m'thumba lomwe mukudyalo, ndipo ngati muli ndi wa m'lichero uja, apatseninso padera.

Amayi apo mwaimika dzanja kalekale, yankhulani.