Mtsempha waukulu wa mtima unali utatsekeka

Moni abale anga kulikonse kumene mukumvera. Lero tisiye kaye nkhani za mashifiti ndi maviza. Ndikamba za bambo akunyumba kwanga, ndipo andilola eni ake.

Kwa miyezi ndithu, akakwera masitepe pachifuwa pankalemera, mpweya n'kuthawa. Akakhala pansi pang'ono zinkasiya, ndiye ankangoti ndi kuzizira kwa kuno ku England. Mukudziwa mmene timachitira ife obwera, sitifuna kujomba, sitifuna abwana atione ngati odwaladwala. Usiku wina ali kuntchito ululu sunasiye, thukuta lili kamukamu, mnzawo anaimba 999, nambala yoitanira ambulansi.

A ambulansi anawamata timawaya pachifuwa, ECG ija, yoyeza kagundidwe ka mtima. Kuchipatala anayeza magazi kufufuza troponin, puloteni imene imatuluka mnofu wa mtima ukavulala. Zonse ziwiri zinasonyeza kuti mtima ukusowa magazi, koma kuti aone potsekeka penipeni anachita angiogram. Amalowetsa kachubu kopyapyala pamtsempha wa pamkono, n'kukakankha mpaka kumtima, kenako amathira mankhwala ooneka pa X-ray. Njira imeneyi inayamba mu 1958 ndi dokotala Mason Sones ku Cleveland, ndipo mpaka lero ndi imene imathetsa makani.

Dokotala anandionetsa chithunzicho. Mtima nawo umadya magazi, kudzera m'mitsempha iwiri yochokera ku aorta (mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima), wakumanja ndi wakumanzere. Wakumanzerewo umayamba ngati thunthu lalifupi, iwo amati left main, kenako umagawika nthambi ziwiri zimene zimadyetsa mbali yaikulu ya chipinda chopopa magazi m'thupi lonse. Kwa bambo, mankhwala aja anafika pathunthupo n'kuima. Sipanadutse kanthu ngakhale pang'ono.

Ndinafunsa kuti nanga munthuyu ali moyo bwanji. Anandifotokozera kuti zimenezi saziona kawirikawiri, chifukwa left main ikatsekeka mwadzidzidzi ambiri safika n'kuchipatala komwe. Wawo unatsekeka pang'onopang'ono, mafuta akuunjikana kwa zaka, ndipo m'nthawi imeneyo timitsempha ting'onoting'ono tochokera kumanja tinakula n'kumatumiza magazi mozungulira. Atathira mankhwala kumanja ndinationa ndi maso anga, tikudzaza nthambi zakumanzere kuchokera kumbuyo. Kunena zoona ndinalira. Munthu ankanyamula katundu mashifiti aatali, mbali yakumanzere ya mtima ikudalira timitsempha timeneto, ndipo tinkakwanira pokhapokha akapuma. N'chifukwa chake pamasitepe pankapweteka.

Stent, kachubu kotsegulira mtsempha wotsekeka, sinali yoyenera apa, ndiye anachita opaleshoni ya bypass. Anatenga mtsempha wa m'chifuwa ndi wina wa kumwendo n'kulambalala potsekeka paja.

Chimene chimandiwawa n'choti ambiri a ife timaopa bilu kapena mapepala. Ku England kuonana ndi GP, dokotala wa m'dera lanu, n'kwaulere, ndipo ku A&E, kolandirira odwala mwadzidzidzi, salipiritsa munthu aliyense, kaya mapepala ake ali bwanji. Pachifuwa pakafinya osasiya, ululu ukamapita kudzanja, kukhosi kapena kunsagwada, imbani 999, musadziyendetsere galimoto. Ngati zimabwera mukamayenda n'kusiya mukapuma, kaonaneni ndi GP mwachangu, musadikire tsiku la ofu.

Panopa bambo akumwa aspirin ndi statin, mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, ndipo akupita ku masewero olimbitsa mtima amene achipatala anawakonzera. Akapeza mphamvu adzabwera okha pano kudzafotokoza mmene anamvera usiku umenewo.