Mwasintha injini? Musaiwale mapaipi a hita ndi a vacuum

[Kamera pa Hilux yakale, boneti yotsegula]

Moni abale anga a ku Mbare, Highfield, Mufakose mu Harare muno ndi kwina konse kumene mukuonera. Hilux iyi inali ndi injini ya petulo ya 4Y, tsopano mwini wake waikamo ya dizilo ya 3L. Yakhazikika bwino, mawaya alumikizidwa, ikulira. Chatsala ndi timapaipi iti tikulendewera apa, ndipo ntchito zambiri zosintha injini zimawonongekera pomwepa. Kena mwa timapaipi timeneti ndi kamene kamathandiza kuimitsa galimoto mukaponda buleki.

Pepala lomatidwa kunsi kwa boneti, lija lojambula njira za mapaipi, ndi la injini yomwe yachoka. Musalitsatire. Paipi iliyonse muifunse kuti ikuchokera kuti, ikupita kuti, ndipo mkati mwake mukudutsa chiyani.

Tiyambe ndi ya mabuleki.

[Chala chikuloza booster, kumbuyo kwa thanki ya mafuta a mabuleki]

Chimbale chakuda ichi ndi booster. Chimathandiza mwendo wanu pogwiritsa ntchito vacuum, kukoka kwa mpweya. Injini ya petulo imapanga yokha vacuum mu manifold, njira yolowera mpweya mu injini, chifukwa chitseko cha mpweya chikatsekeka mapisitoni amakoka popanda cholowa chokwanira. Dizilo ngati 3L ilibe chitseko chotere, choncho ili ndi pampu yakeyake kumbuyo kwa alternator, chipangizo chotchajira batire. Onani apa. Pampu imeneyi imafuna oyilo: paipi yaing'ono imabweretsa kuchokera ku injini, yaikulu imabwezera. Mukagula injini ku misika ya zida zamagalimoto ya Gazaland kapena Siyaso, onetsetsani kuti alternator yabwera ndi pampu yake, chifukwa ina imagulitsidwa payokha.

Paipi yochoka pa pampu kupita ku booster ikhale yokhuthala, yopangidwira vacuum. Paipi yothiririra maluwa ayi, chonde. Ikatentha imafewa, vacuum ikaikoka imaphwatalala, ndipo buleki imauma gwa muli pakati pa Seke Road ndi katundu kumbuyo. Pa njira yomweyi pali kavalavu kolola mpweya kupita mbali imodzi yokha. Kachotseni muuzire: mpweya uzidutsa kuchoka ku booster kupita ku pampu, kobwerera ayi. Mukakatembenuza, booster sigwira n'komwe.

Kuyesa n'kosavuta. Injini ili yozima, pondani buleki kangapo mpaka iume. Mwendo uli pomwepo, lizani injini. Pedulo itsike pang'ono. Ikapanda kutsika, galimoto isatuluke pa geti.

Amene mwaika injini ya petulo, booster ipatseni kabowo kakakulu ka pa manifold, kakhale kake kokha. Sensa ya MAP, yoyeza mpweya wa mu manifold, nayonso ipatseni kake, chifukwa mukaiphatikiza ndi zina kompyuta imawerenga zolakwika n'kuthira mafuta osayenera. Kabowo kalikonse kotsala katsekeni ndi kachipewa ka labala, osati bawuti yokulunga tepi. Injini ikamanjenjemera kapena kukwera yokha galimoto itaima, mvetserani kamluzu ka mpweya wolowa pamene pasanatsekeke bwino.

Pali chinthu china cha kuno kwathu chimene mabuku a makaniko satchula kawirikawiri. Amati pa injini ya petulo ikulira galimoto itaima, geji ya vacuum iwerenge mainchi 17 mpaka 21, koma manambala amenewa ndi a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Harare ili pamwamba pafupifupi mamita 1,500, mpweya ndi wopepuka, ndipo geji imatsika pafupifupi inchi imodzi pa mamita 300 aliwonse. Ndiye mukaona 14 kapena 15 musathamangire kumasula injini. Yang'anani singano ngati yakhazikika. Yovinavina ndiyo imasonyeza vuto.

[Kamera pa mapaipi awiri olowa m'khoma la kabini]

Tsopano hita. Mkati mwa dashibodi muli karediyeta kakang'ono. Madzi otentha amachokera ku hedi, gawo lapamwamba la injini, kulowa mmenemo, n'kubwerera ku mbali yokoka ya pampu ya madzi. Zonse ndi zimenezo, koma pa injini yatsopano potulukira ndi polowera pamakhala pena, mwina mbali ina ya injini.

Yezani kukula kwa milomo yolumikizapo mapaipi musanagule paipi. Yambiri ndi ya mamilimita 16 kapena 19. Ikasiyana, gulani cholumikizira chachitsulo chochepetsera. Kumanga paipi yaikulu pa mlomo waung'ono ndi kilampu kumadontha tsiku lina. Pokhota kwambiri musapinde paipi yowongoka, imatsina madzi. Funani yopindidwa kale, ngakhale ya galimoto ina, mudule mbali yomwe ikukwanira. Idutse kutali ndi ekizozi, isakhudze lamba wa fani kapena chitsulo cha chiwongolero. Ndipo muisiyire mpata wosewera, poti injini imagwedezeka, makamaka dizilo, pamene khoma la kabini silisuntha. Paipi yokokedwa kwambiri imathyola mlomo wa karediyeta kaja, kuti mukafikeko mpaka kuchotsa dashibodi yonse.

Ambiri amati hita n'njachiyani, n'kutseka milomo yonse iwiri. Ine sindigwirizana nazo. M'mawa wa June ndi July kuno kumazizira zedi, ndipo nthawi ya mvula galasi likachita nkhungu, mpweya wofunda ndi umene umalitsegula. Komanso pa injini zina njira ya hita ndi imene madzi amazungulira thermostat, kavalavu kolola madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha, isanatseguke. Ngati karediyeta kabowoka ndipo ndalama palibe, lumikizani milomo iwiri ya pa injini ndi paipi imodzi kuti madzi azizungulirabe.

Pothira madzi, sakanizani ndi coolant, mankhwala othira m'madzi a rediyeta, ikani hita pa kutentha kwambiri, kwezani kutsogolo kwa galimoto pang'ono, lizani injini chotsekera cha rediyeta chili chochotsa, mpaka thovu lithe. Chotsekeracho musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amawotcha nkhope. Kenaka gwirani mapaipi onse awiri a hita. Onse akhale otentha. Imodzi ikakhala yozizira, mwatsala mpweya mkati kapena paipi yatsinidwa penapake. Mawa m'mawa injini itazizira, onjezerani madzi ndipo mumangenso makilampu onse, chifukwa labala watsopano amakhala atafewa.