Botolo la mlendo likalowa mu bini, limathera kuti?

[Chithunzi: gombe loyera mbee m'mawa. Kenako gombe lomwelo madzulo, mabotolo ali mbwee]

Mlendo akamwa madzi n'kuponya botolo mu bini, amachoka mtima uli m'malo. Koma botolo lija ulendo wake wangoyamba kumene, ndipo lero tiutsatira.

Tauni ya kugombe imakhala ndi magalimoto otolera zinyalala, mtaya ndi mapaipi a zimbudzi zomwe anazikonza powerengera anthu okhala pamalopo chaka chonse. Nyengo ya tchuthi ikafika, anthu amachuluka kangapo, koma galimoto ndi yomwe ija, mtaya ndi womwe uja. Komanso mlendo amagula zambiri zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, chifukwa ali paulendo.

[Chithunzi: mapu a Maldives]

Pazilumba vutoli limakula, poti malo okwirira zinyalala palibe. Ku Maldives, mu 1992 boma linayamba kuthira zinyalala pamalo osaya a m'nyanja otchedwa Thilafushi, pafupi ndi likulu la Malé. Zinaunjikana mpaka panabadwa chilumba. Kwa zaka zambiri ankaziwotcha poyera, utsi uli tolotolo, pomwe alendo pazilumba zina akujambula mchenga woyera.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zinyalala zosaoneka ndi maso.

[Chithunzi: gombe la Boracay lopanda anthu]

Mu April 2018 boma la Philippines linatseka chilumba cha Boracay kwa miyezi 6. Mahotela ndi malo odyera ambiri sanali olumikizidwa ku mapaipi a zimbudzi, ndipo zonyansa zinkatsikira m'ngalande za madzi a mvula mpaka kunyanja komwe anthu ankasambira. Botolo ungathe kulitola ndi dzanja, koma izi sungazitole. Zimadyetsa ndere, zimabweretsa matenda otsegula m'mimba ndi a pakhungu. Amene anavutika kwambiri ndi kutsekaku anali operekera zakudya, oyendetsa maboti ndi ogulitsa timalonda, anthu omwe sanasainepo mapulani a hotela iliyonse. Atatsegulanso mu October chaka chomwecho, anaika malire a chiwerengero cha alendo, n'kuletsa kusuta ndi kumwa mowa pamchenga.

Za kusutazo musazione zazing'ono. Bungwe la Ocean Conservancy lakhala likutsogolera ntchito yotola zinyalala m'magombe kuyambira 1986, ndipo tizotsalira ta ndudu timakhala m'gulu la zinthu zotoledwa zambiri. Kasefa kaja si thonje ayi, ndi pulasitiki.

[Chithunzi: mtsinje wodzaza mapepala apulasitiki]

Tisakankhirenso zonse kwa alendo. Ku Bali, chilumba cha ku Indonesia, mphepo za nyengo yamvula zimakocheza milu ya zinyalala pagombe la Kuta, ndipo zambiri zimabwera ndi mitsinje kuchokera kumtunda. Ogwira ntchito amasesa m'mawa, mawa lake mafunde abweretsa zina. Kusesa n'kofunika, koma ngati midzi ya m'mbali mwa mtsinje ilibe wotolera zinyalala, tsache silingapambane.

Ndiye chimathandiza n'chiyani? Poyamba, kupatula zakudya zotsala. Zinyalala za m'khitchini ya hotela n'zonyowa komanso zolemera. Zikasakanikirana ndi makatoni ndi mabotolo, zonse zimawonongeka, wogula zokakonzanso sazifuna. Zikaikidwa padera zimasanduka manyowa, ndipo galimoto imapepukidwa. Hotela ikamapereka madzi m'mabotolo agalasi odzazanso, mulu wa pulasitiki umatsika tsiku lomwelo.

Botolo lopatsidwa mtengo nalonso silitayidwa. Ku Germany, wobweza botolo lapulasitiki logwiritsa ntchito kamodzi kapena chitini amalandira masenti 25 a yuro omwe anawonjezera pogula, ndipo pafupifupi onse amabwezedwa.

Chovuta ndi ndalama. Ine ndimaona kuti n'kulakwa kuti msonkho wa anthu okhala pamalopo uzilipirira okha zinyalala za alendo. Kuyambira February 2024, mlendo wochokera kunja akafika ku Bali amalipira marupiya 150,000 othandizira kuteteza chikhalidwe ndi chilengedwe. Njira imeneyi ndi yabwino ngati ndalamazo zikugulira galimoto, kukonza mapaipi ndi kulipira otolera zinyalala, ndiponso ngati anthu akuuzidwa poyera mmene zagwirira ntchito.

[Wofotokoza ayang'ana kamera]

Mukadzasungitsa chipinda kugombe, afunseni a hotelayo kuti madzi a m'zimbudzi zawo amapita kuti. Tilembereni m'munsimu zomwe adzakuyankheni.