Makalata a Omvera: Mphaka Wosowetsa Anthu Tulo

Takulandirani, omvera athu a m'chigawo chonse cha Tete. Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia, ndipo alemba motere:

"Ndikupempha nzeru pa za mphaka wathu wamkazi, yemwe tidamutenga kuti azigwira makoswe m'nyumba yosungiramo chimanga. Masana amangogona pakhonde, koma tambala woyamba akangolira amayamba kukanda chitseko cha kuchipinda, ndipo tikamutsegulira amakwera pa neti ya udzudzu mpaka waibowola. Ine ndimadzuka n'kumupatsa nsima kuti akhale chete. Masiku ano wayambanso kulira ngati khanda usiku wonse, moti apongozi anga akuti amenewa ndi malodza, timutaye."

Amayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo pempho langa ndi lakuti mphakayo musamutaye. Mwatchula mavuto awiri osiyana. Mphaka amagona maola 12 mpaka 16 pa tsiku, ndipo mwachibadwa amachangamuka chisisira ndi m'bandakucha, nthawi imene makoswe amayendayenda. Koma chimene chakulitsa khalidweli ndi nsima ija, pakuti iye waona kuti akakanda chitseko chimatseguka ndipo chakudya chimabwera, choncho mawa adzakandanso, mwina molawirira kuposa lero.

Chakudya chake chachikulu muzimupatsa mukamapita kogona, ndipo chizikhala ndi nyama kapena nsomba, ngakhale kapenta wa ku Cahora Bassa amene mwayamba mwamuviika m'madzi kuti mchere uchoke, chifukwa thupi la mphaka silikhutira ndi nsima yokha. Asanadye, ana azisewera naye pomukokera chingwe chomangirira nthenga ya nkhuku mpaka atatopa. Mumuikirenso katoni yoyalamo chovala chakutha m'nyumba ya chimanga momwemo, popeza kuzizira kwa ku Angónia, makamaka mu Juni ndi Julayi, n'kumenenso kumamukokera pa bedi lanu.

Chovuta kwambiri ndi ichi: akakanda chitseko musatsegule, musamuyankhule, ndipo musamukalipire, chifukwa kwa iye ngakhale kukalipako ndi umboni woti mwadzuka. Masiku oyamba adzalira kuposa kale, ndipo ambiri amagonjera pomwepa, koma aliyense m'nyumbamo akapirira kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kawirikawiri amaleka. Netiyo muisoke lero lomwe, pakuti bowo lolowa chala limakwanira kulowetsa udzudzu wa malungo.

Za kulira ngati khanda, apongozi anu muwafotokozere mwaulemu kuti mphaka wamkazi akafika miyezi pafupifupi 6, ena ngakhale 4, amalira chotero poitana wamwamuna. Mukamuyang'ana masana mudzaona akudzigudubuza pansi, akudzikhula pa miyendo ya anthu, atatukula chiuno mchira uli pambali, ndipo ndi bwino kuti apongoziwo adzionere okha. Zimenezi zimatha sabata imodzi, n'kubwereranso pakapita masabata awiri kapena atatu ngati sanatenge bere, ndipo akatenga amaswa pakadutsa masiku pafupifupi 63 mpaka 65. Njira yothetseratu ndi opaleshoni yotseka kubereka, yochitidwa ndi dokotala wa ziweto. Kafunseni kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi ntchito zachuma m'boma lanu, kumene angakuchitireni, ndipo mukapemphenso katemera wa chiwewe, chifukwa mphaka woyenda usiku amalumana ndi nyama zina.

Kalata yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Zóbuè, kumalire ndi Malawi: "Mphaka wathu ndi wokalamba ndipo chaka chino wayamba kulira usiku. Kodi ndingamupatse theka la paracetamol kuti azigona?"

Achimwene, musayerekeze n'komwe. Paracetamol si mankhwala ogonetsa, ndipo kwa mphaka ndi poizoni, chifukwa chiwindi chake sichitha kuwasungunula monga chimachitira cha munthu, moti ngakhale kachidutswa kangathe kumupha. Mphaka wokalamba akayamba kulira usiku pamene kale sankatero, nthawi zambiri amakhala akudwala. Onani ngati akuonda chikhalirecho akudya bwino, ngati akumwa madzi kwambiri, kapena ngati akugunda zinthu poyenda, ndipo zimene mwaonazo mukazifotokoze kwa dokotala wa ziweto sabata ino, mphakayo mutamunyamula m'dengu lovundikira.