Khomo lothawira litseguke ndi kukankha kamodzi

Zikomo a tcheya. A mfumu, akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo eni masitolo, maholo ndi mahositelo, ndakuonani nonse. Ntchito yanga ambiri mukuidziwa. Ndine wowotcherera zitsulo, ndipo mageti ndi mabagala ambiri a ku Matawale, ku Chinamwali mpaka ku Chikanda anadutsa m'manja mwangamu. Choncho zimene ndilankhule lerozi zikuyamba kundikhudza ine ndemwe.

Tili muno chonchi, magetsi atathima, utsi n'kuyamba kutsika kuchokera kudengaku, mungatulukire pati? Ndaona ambiri mwatembenukira kukhomo limene munalowera. Munthu ndi mmene alili, akadzidzimuka amathamangira kumene anachokera. Nanga moto utakhala pakhomo pomwepo? Khomo lachiwiri lilipo, ilo kumbuyoko. Ndinafika msanga lero ndipo ndinakaliyesa. Pali loko, ndipo kutsogolo kwake aunjikako mabenchi. Sindikufuna kuchititsa manyazi eni holo ino ayi, chifukwa ndimapeza zomwezi m'malo ambiri amene ndimaitanidwa.

Amene tinakulira kumudzi tinakumbako mbewa. Mbewa ikakumba una wake siidalira khomo limodzi. Imakumba kanjira kena kukwera m'mwamba, n'kusiya kadothi kopyapyala pamwamba, kamene timati mbuli. Uli kunja sungaone kuti pali khomo. Koma khasu likayandikira, mbewa imangogunda kadothiko ndi mutu, basi yapita. Kunja n'kotseka, m'kati n'kongokankha. Chitseko chimene ndabwera kudzakuuzanichi nzeru yake ndi yomweyo.

Zaka zingapo zapitazo ndinawotcherera geti lachitsulo pakhomo lakumbuyo pa malo ena ogona alendo m'tauni muno. Mwini wake anali ataberedwa kawiri, ndiye anandiuza kuti ndilimbitse kwambiri. Ndinalimbitsadi, tinaikapo tcheni ndi loko wamkulu, kiyi n'kumupatsa mlonda. Usiku wina magetsi atathima, mlendo wina anagona kandulo ili chiyakire, ndipo inagwera pa matiresi. Siponji ikamapsa imatulutsa utsi wakuda bii, wotsamwitsa, ndipo unadzaza m'kanjira ka pakati pa zipinda. Alendo anathamangira ku geti langa lija. Mlonda anali atatalikira pang'ono, kiyi ali m'thumba mwake. Mwamwayi oyandikana nawo anamva kukuwa, anabwera ndi hamala n'kuphwanya loko, ndipo palibe amene anamwalira. Mmawa mwake anandiitana kuti ndikakonze. Pa utoto wa geti panali madindo a manja akuda ndi mwaye, ena m'mwamba, ena m'munsi kwenikweni, a munthu amene anali atagwada. Pansi panatsala patapata mmodzi wa mwana. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Chitsulo chimene chinawatsekera anthu aja ndinachiwotcherera ndi manja anga. Kuyambira tsiku limenelo sindiikanso loko wopachika pa khomo lothawira, ngakhale kasitomala andikwiyire.

Vuto limeneli silinayambe ndi ife. Pa 16 Juni 1883, mu holo yotchedwa Victoria Hall ku Sunderland, m'dziko la England, munali chionetsero cha ana. Pamapeto analengeza kuti agawa mphatso, ndipo ana amene anali m'chipinda cham'mwamba anathamanga kutsika masitepe. Pansi pa masitepewo panali chitseko chotsegukira m'kati, ndipo anachikhoma ndi mpiringidzo mosiya kampata kodutsa mwana mmodzi yekha. Akutsogolo anapanikizika, akumbuyo osadziwa kanthu ankangobwerabe. Ana 183 anafa tsiku limenelo. Munalibe moto ngakhale pang'ono, chinawapha ndi chitseko. Ngoziyi ndi imene inachititsa Robert Alexander Briggs kupanga chitsulo chotsegula chitseko munthu akangochikankha. Ku America nako anaphunzira mowawa. Pa 30 Disembala 1903 Iroquois Theatre ku Chicago inapsa ndipo anthu pafupifupi 600 anafa, ambiri atalephera kutsegula maloko achilendo mumdima. Patapita zaka zochepa, mu 1908, kampani ya Von Duprin inayamba kugulitsa zitsulo zokankhazi, ndipo dzinalo lidakalipo mpaka lero.

Mwina mukuti izo n'zakale, ndiponso n'zakutali. Eni masitolo mvetserani iyi. Pa 1 Ogasiti 2004 sitolo yaikulu ya Ycuá Bolaños ku Asunción, m'dziko la Paraguay, inagwira moto, ndipo zitseko zinatsekedwa poopa kuti anthu athawa ndi katundu osalipira. Anafa anthu oposa 300, ndipo eni sitoloyo anamangidwa. Eni mahositelo, mu Malichi 2001 pa sukulu ya sekondale ya Kyanguli ku Kenya anyamata 67 anafera m'chipinda chogona. Khomo limodzi linali lokhoma, mawindo onse anali ndi mabagala. Ndipo ya dzana lomweli, pa 31 Ogasiti 2023, nyumba ya Usindiso ku Johannesburg inapsa usiku, anthu 76 anafa, pakati pawo panali abale athu a ku Malawi kuno amene anapita kukafuna ntchito ku Joni. Kumenekonso opulumuka anasimba za mageti okhoma amene anawatchingira njira.

Tsono chitsulocho n'chotani? M'masitolo a zomangira amachitcha panic bar, ena amati push bar. Ndi chitsulo chopingasa chimene chimamangidwa m'kati mwa chitseko, pa msinkhu wa m'chiuno mwa munthu wamkulu, pakati pa masentimita 90 ndi 110 kuchokera pansi. Ukachikankha chimabweza kalilime ka loko m'kati, chitseko n'kutsegukira kunja. Sipafunika kiyi, sipafunika kupotokola kanthu, sipafunika kuona. Munthu wanyamula mwana akhoza kuchigunda ndi chiuno. Amene akukwawa pothawa utsi akhoza kuchifikira ndi dzanja. Ndipo chachikulu kwambiri n'chakuti anthu akaunjikana pachitseko, kulemera kwawo komweko ndi kumene kumatsegula. Pa chitseko chotsegukira m'kati zimakhala mosiyana: kuti uchitsegule uyenera kubwerera m'mbuyo, ndipo anthu 50 akukukankha kumsana sungabwerere ngakhale phazi limodzi.

Pogula muyang'ane chizindikiro cha EN 1125, umene ndi muyezo wa ku Ulaya wa zitsulo za malo olowa anthu ambiri osadziwa nyumbayo, monga holo, tchalitchi, sitolo yaikulu kapena malo achisangalalo. Muyezowu umafuna kuti chitsulocho chitenge gawo losachepera 60 pa 100 la m'lifupi mwa chitseko, kuti paliponse pamene munthu wagunda chitseguke, komanso kuti chisafune mphamvu yoposa ngati kukankha makilo 8. Ulipo muyezo wina, EN 179, wa kachogwirira kapena kabatani kakang'ono kokankha. Umenewo ndi wa maofesi ndi mashopu aang'ono mmene muli antchito okhaokha odziwa khomo lawo. Musaike kakang'onoko pa holo yaukwati pofuna kupulumutsa ndalama. Chitseko chikakhala cha mapiko awiri, mbali ina imafuna mtundu wokhala ndi ndodo ziwiri, ina yolowa m'felemu pamwamba, ina yolowa m'kabowo pansi.

Ndamva funso la mayi ali kumbuyoko, ndipo ndimaliyembekezera. Akuti nanga akuba? Mayi, funso lanu ndi loona, ndipo sindingalipeputse. Tonsefe tinaberedwapo, ndipo mabagala sitinawaike chifukwa chokonda kukhala m'khola. Koma taonani, chitsulochi chili m'kati mokha. Kunja chitseko chimangokhala see, popanda chogwirira, popanda bowo la kiyi, popanda loko wolendewera woti wakuba amudule. Kunena zoona loko wopachika ndi amene amamuonetsa wakuba poyambira. Pali malo awiri oyenera kusamala. Chitseko chotsegukira kunja mahinjesi ake amakhala kunja, ndipo wakuba wochenjera amagogoda timisomali ta mahinjesi n'kuchotsa chitseko chonse. Mankhwala ake ndi osavuta: mmisiri awotcherere tizitsulo tiwiri tonenepa ngati chala m'mphepete mwa chitseko kumbali ya mahinjesi, n'kuboola felemu molunjika, kuti chitseko chikatsekeka tizitsuloto tizilowa m'mabowomo. Akachotsa mahinjesi chitseko sichisuntha. Kwinako ndi mpata wa pansi ndi m'mbali. Usakhale waukulu woti munthu n'kulowetsa waya kudzakoka chitsulocho, ndipo pafupi pasakhale windo loti n'kupisapo dzanja.

Bambo awo akuti wakuba wina amakhala m'kati momwemo, kasitomala kapena wantchito wozembetsa katundu pakhomo lakumbuyo. Zoonadi. Ikani alamu ya batire pachitsekopo, yolira chikangotseguka. Wakuba amaopa phokoso. Musathetse vutoli ndi tcheni. Ku New York mu 1911, pa fakitale yosoka zovala ya Triangle, mabwana ankakhoma zitseko poopa kuberedwa ndi antchito. Moto utabuka anafa anthu 146, ambiri mwa iwo atsikana.

Kugula n'kumodzi, kusamala n'kwina, ndipo pano pa Zomba tili ndi vuto lathulathu. M'munsi mwa phiri muno chinyezi n'chambiri. Mvula ikayamba zitseko zamatabwa zimafufuma n'kumakakamira m'felemu, zachitsulo zimachita dzimbiri m'mahinjesi. Ndaonapo panic bar yabwinobwino pa chitseko chimene amuna awiri analephera kuchikankha chifukwa chinali chitatupa. Mwezi uliwonse wina achitsegule kwathunthu, adonthezere oyilo pa kalilime ndi m'mahinjesi, amange masikuluwu amene akhwefuka. Kabowo kapansi kaja kamadzaza ndi mchenga ndi zinyalala zosesa, kakolokoseni ndi msomali. Mutulukenso panja mukaone zimene zili kuseri kwa chitseko. Nthawi zambiri ndimapezako makireti a mabotolo, mgolo wa madzi, njinga yakabaza itatsamira, mwinanso galimoto la bwana litaima mogundiza. Chitseko chotere ndi chokhoma ngakhale chilibe loko. M'kati namonso, kanjira kopita kukhomoko si sitolo yosungiramo matumba a ufa.

Masiku ano maofesi ena ndi malo ogona alendo ayamba kuika maloko a magetsi, aja otsegula ndi khadi kapena manambala. Mufunseni wokuikirani funso limodzi: magetsi akathima, chitseko chimatseguka kapena chimakhomeka? Pa khomo lothawira chiyenera kumasuka chokha, ndipo pafupi pakhale kabokosi kobiriwira kodina kapena kuswa kuti chimasuke nthawi yomweyo. Muyese pamaso pake, azimitse magetsi muone. Pamwamba pa khomo pakhale chikwangwani chobiriwira cha munthu wothamanga, ndi nyali ya batire yoyaka yokha magetsi akapita, poti moto kwathu kuno umatha kubuka nthawi yomweyo ya mdima, pamene tayatsa makandulo ndi mbaula.

Ena mumaika kiyi m'kabokosi kagalasi pafupi ndi chitseko. Kuli bwino kusiyana ndi m'thumba la mlonda, koma ine sindikukhulupirira. Mu utsi maso amalira misozi, manja amanjenjemera, kiyi akagwa pansi wapita. Ndipo kiyi wa m'kabokosi amabwerekedwa, osabwezedwa.

Ndikudziwa kuti zitsulozi si zotchipa, ndipo nthawi zambiri timachita kuitanitsa ku Blantyre. Amene simungathe lero, yambani ndi zimene mungathe. Kutembenuza chitseko kuti chizitsegukira kunja ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa kalipentala kapena wowotcherera. Pa shopu yaing'ono, chotsani loko wofuna kiyi mbali zonse, muike uja wokhala ndi kopotokola ndi zala m'kati. Ngati usiku mumakoleka loko pakhomo lakumbuyo nyumba ikakhala yopanda munthu, mmawa woyamba kulowa amuchotse n'kukamupachika poonekera, pafupi ndi kauntala, kuti aliyense aziona kuti khomo lamasuka. Koma kumene kumagona anthu njira imeneyi siigwira, chifukwa usikuwo ndi pamene khomo likufunika. Eni mahositelo a ku Chikanda, ana a ku yunivesite amene mumasunga aja makolo awo ali ku Karonga, ku Nsanje, ku Mchinji, anakusiyirani inu. Chipinda chilichonse chogona chikhale ndi windo limodzi la mabagala otseguka kuchokera m'kati, ndipo geti lalikulu lisadalire kiyi wa munthu mmodzi. Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito limafuna kuti malo ogwirira ntchito akhale ndi njira yothawira moto. Khonsolo ya mzinda uno ili ndi ozimitsa moto, pitani mukawapemphe adzayendere nyumba zanu asanabwere ndi galimoto lolira.

Ndabwera ndi panic bar imodzi, ndaimangirira pa kachitseko aka kali patebulopa kuti muigwire nokha. A tcheya, ndipempheko anyamata awiri achotse mabenchi aja kukhomo lakumbuyo tikadali pompano, ndipo amene ali ndi kiyi wake atithandize. Agogo, inu amene mwakhala kutsogoloku, bwerani muyambe ndinu. Ndodo yanu musaisiye, gwirani momwemo. Tsinzinani, mukankhe ndi dzanja limodzi lokha.