Alamu, kavape kanuko musakakoke kaye

Alamu mwaswera bwanji, ee ndaona chithunzi mwatumizachi, kabokosi ka vape, kachipangizo kokoka nthunzi m'malo mwa ndudu kaja, kafika eti. Nde ndati ndisalembe ndingolankhula, chifukwa inu uthenga ukatalika simuwerenga, ndimakudziwani. Koma choyamba, musana... musanapange chilichonse, musakoke. Musakoke kaye. Ngati mwathiramo kale madzi ake aja a m'botolo, okhala ndi nikotini, kaimikeni patebulo mukasiye, mumvere mpaka ndimalize.

Chabwino. M'kabokosimo mupezamo kathupi kake, ndiko kali ndi batire, ndipo batire lake ndi lomangiriramo silichoka ayi, nde musayambe kusakasaka potsegulira ndi nsonga ya mpeni ngati muja mumachitira ndi rimoti. Kenako muli kapodi, kaja koonekera mkati, kamene mumaika pakamwa, pansi pake pali timaginito kamangodziphatika kokha kuti tha. Ndi kawaya kotchajira. Basi. Kathupiko kalumikizeni kazitchaja uku tikupanga zinazi, kamabwera ndi moto pang'ono koma siwodzadza. Tembenuzani kapodi muone kunsi, tina timabwera atamata kapepala pa tizitsulo tolumikizira ku batire, kamatuleni, apo ayi muzakoka mpaka masaya kuwawa osatuluka kanthu muziti akugulitsani chakufa.

Nde mumve mmene kamagwirira ntchito, chifukwa mukamvetsa apa zina zonse ziziyenda zokha. Mkati mwa kapodi muli koyilo. Koyilo ndi kawaya, kapena tinene kasefa kachitsulo, kokutidwa ndi thonje. Thonje limayamwa madzi aja, batire limatenthetsa kawaya, madzi amasanduka nthunzi, inu nkukoka. Palibe chikuyaka, sikuti muli moto ngati ndudu, nchifukwa chake mulibe phulusa mulibe phula. Koma, koma, thonje lija likakhala louma kawaya nkutentha, chimapsa nchiyani? Thonjelo. Ndipo likapsa lapsa, silibwerera.

Apa ndi pomwe ine ndinagwa nayo. Tsiku loyamba ine phuma, ndathira madzi, ndatseka, ndaphatika, pompo fuu kukoka. Alamu. Munanunkhizapo sanza ikupsa? Nde muganize fungo limenelo likulowa pakhosi lotentha. Ndinatsokomola mpaka misozi, pakhosi ngati andipala ndi sandipepa. Ine mmalo moti ndisiye ndinati aa mwina nchatsopano chikoma kutsogoloku, ndakokanso, ndakokanso kachitatu. Ndimangopsereza. Ndinadikira ola lathunthu kuti mwina chisintha, ayi ndithu kakomedwe kopsereza kaja kanakhaliratu, madzi onse a mmenemo kumanunkha chimodzimodzi, kapodi katsopanotsopano ndinataya kasanagwire ntchito ndi tsiku limodzi lomwe. Vuto silinali kachipangizo, vuto linali ine.

Nde inu mupange chonchi. M'mbali mwa kapodi muli kalabala, kakokeni pang'ono katseguke, osakazula ayi, kamangopendekeka. Pali kabowo. Lowetsani kamlomo ka botolo, kapodi mukapendeketse pang'ono kuti mpweya uzituluka, nkumafinya pang'onopang'ono. Osadzadza mpaka pakamwa, musiye kampata. Mutseke kalabala mukanikize bwinobwino ndi chala.

Iyayi dikirani, ndibwerere, ndaiwala chofunika. Bowo lapakati lija, lomwe mukasuzumira pokokera mukuona likutsika mpaka pansi, limenelo si lothirira. Ndi njira ya mpweya. Mukathira mmenemo madzi azakubwererani mkamwa, ndipo ndi owawa, amayabwa lilime. Kabowo ndi kam'mbali kokhala ndi labala. Mwamva eti, kam'mbali. Tina timatsegukira pamwamba mukachotsa kachivindikiro, koma nkhani ndi yomweyo, lapakati ayi.

Mukathira nde mudikire. Pepala la m'bokosi nthawi zambiri limati mphindi 5 mpaka 10, ine ndimati 10 basi, mutchere pa foni. Kaimirire choongoka, osakagoneka. Mukayang'anitsitsa muona timathovu tikukwera kuchokera pa koyilo, kamodzi, kenako kena, ndiye kuti thonje likumwa. Pa koyilo pali timabowo toonekera thonje loyera, likanyowa limasintha limaoneka lodera ngati nsalu yonyowa. Likadali mbuu, simunafike. Ngati yanuyo ndi ija koyilo yake imazuka, musanailowetse donthezani madontho awiri atatu pa timabowo timeneto, osasambitsa ayi, madontho chabe. Ndiye china chomwe ndimachita ine, kapodi kasanaphatikidwe ku batire, ndimakakoka kawiri katatu chopanda moto, kuti madzi akokeke alowe mu thonje. Chopanda moto, ndikutanthauza kapodi kali pakokha m'manja, kathupi kali uko. Ndikubwereza dala chifukwa winawake ndinamuuza zomwezi iye anakoka kali kophatika, nkumandiimbira kuti malangizo ako ndi abodza.

Mphindi 10 zimenezi si za tsiku loyamba lokha. Kapodi katsopano kalikonse, koyilo yatsopano iliyonse, chimodzimodzi. Kongowonjezera madzi mu kakale ndiye simufunika kudikira kwambiri, thonje limakhala lonyowa kale, bola musalole madzi atsike mpaka timabowo tija tikhale pamtunda. Akafika pamenepo thirani.

Ndimati chani... eya kuyatsa. Pachithunzipa sindikuona bwino ngati kali ndi batani. Ngati kalibe, kamayaka kokha mukakoka, muli kasensa komva mpweya. Ngati kali nalo, dinani kasanu mofulumira, ta ta ta ta ta, kagetsi kaphethira ndiye kuti kayaka. Kuzimitsa chimodzimodzi kasanu. Ndipo muzizimitsa musanaike m'thumba, chifukwa mukakhala pansi batani limadinika lokha, koyilo nkumapsa muli phee. Tambiri timadula tokha pakatha masekondi 8 kapena 10, koma likadinika kangapo thonje lapita.

Kakokedwe. Apa anthu osuta ndudu ngati inu ndi pomwe mumalakwitsa, mumakoka mwamphamvu mwachidule ngati mukulimbana ndi ndudu yonyowa. Ichi ayi. Pang'onopang'ono, mofatsa, masekondi atatu kapena anayi, nthunzi idzadze mkamwa kaye kenako nkuilowetsa m'chifuwa, nkutulutsa. Mukakoka mwankhanza madzi amasefukira mu koyilo kamayamba kulira kuti khrr khrr nkumakulavulirani timadzi totentha. Kakatero chotsani kapodi, ikani tishu kunsi, uzirani pokokera pang'ono, pukutani, bwezerani. Komanso muzipumira, masekondi 20 kapena 30 pakati, thonje lipeze mpata womwanso. Kutsokomola masiku oyamba kumachitika, pakhosi pamauma, muzimwa madzi ambiri, ndikunena madzi akumwa enieni.

Za botolo mwagulalo sindinalione, munditumizire chithunzi cha kumbuyo kwake. Muyang'ane pomwe alemba PG ndi VG, zinthu ziwiri zomwe amasakaniza popanga madziwo. PG ndi yopyapyala, imanyamula kakomedwe ndi kukanda kwa pakhosi kuja, VG ndi yolimba yonanda, ndi imene imapanga chinthunzi chambiri. Tizipangizo tating'ono ngati kanuko timafuna 50/50, theka PG theka VG. Mukathira ya VG 70 thonje limalephera kuyamwa msanga, mubwereranso ku sanza yopsa ija ngakhale munadikira bwinobwino. Pa koyilo kapena pansi pa kapodi palinso nambala, 1.2 kapena 1.0 kapena 0.8, nthawi zina 0.6, amati ma ohm. Nambala ikakwera kamakoka mothina ngati ndudu, batire limakhalitsa. Ikatsika nthunzi imachuluka, madzi amatha msanga, batire chimodzimodzi. Inu yambani ndi yokwerayo ngati aikamo ziwiri.

Ndiye nikotini. Amalemba 3, 6, 12, 18, 20, ndi mamiligalamu pa mililita imodzi. Ena amalemba 2%, ndi 20 yomweyo. Ku Britain ndi maiko a European Union malamulo salola kupyola 20, ndipo kapodi sikapyola mamililita awiri, koma ku America kuli mpaka za 5%, ndiye kuti 50, nde muziwerenga osangotola. Yolembedwa kuti nic salt ija ndi yonyenga, siikanda pakhosi ngakhale ili yamphamvu, umangoona ngati ukukoka mpweya wonunkhira. Ndudu imatha alamu, imafika pa kashiki mumataya. Ichi sichitha, chimangokhala m'manja. Mnzanga wina wa kuntchito ndinamuuza kuti koka kasanu kakhumi usiye, uone kaye thupi likuti chani. Iye ayi ine ndasuta zaka 15 kanthu aka kangandichite chani. Mmawa wonse kali pakamwa ngati mwana ndi chala. Isanakwane nthawi ya nkhomaliro munthu thukuta kamukamu, nseru, chizungulire, mutu, mtima ukuthamanga, anakagona pa benchi kuseri. Mukamva zimenezo siyani pompo, khalani panja pa mphepo, zimatsika zokha, koma ngati mukusanza osaleka kapena mtima sukukhazikika pitani kuchipatala osachita manyazi. Mbali inayi, mukatenga yofooka kwambiri chibaba sichitha, madzulo muzapezeka mwayatsa ndudu. Ndipo kuphatikiza ziwiri, uku vape uku ndudu, phindu lake ndi lochepa, utsi uja ukulowabe.

Paja anayambitsa vape ya mtundu wa masiku anowu ndi munthu wa ku China, Hon Lik, wa zamankhwala, mu 2003, naye anali chisuta fodya ndipo bambo ake anamwalira ndi khansa ya m'mapapo. Cholinga chinali chomwe muli nachochi, kuthawa utsi. Koma musamve ngati ndi mpweya wa m'mapiri ayi, nikotini ndi yemweyo amakola, ndipo zinthuzi sizinakhale zaka zambiri ngati fodya. Munthu woti sasuta asayambe nkomwe. Achemwali anga akati tandilawitseni muwakanize, ana ndiye musachite kufunsa, ndipo osakokera m'nyumba muli ana. Kabotolo kaja muzikabisa patali pokhoma, kamanunkhira bwino, mwana atha kumwa, ndipo kwa mwana ndi poizoni weniweni. Akakudonthokerani pa khungu sambani ndi sopo.

China, musathiremo china chilichonse chosakhala madzi ake. Mafuta amtundu uliwonse ayi. Pali mnyamata wina ankandiuza kuti akufuna ayese mafuta onunkhiritsa m'nyumba aja, ndinamuuza kuti mapapo si nyali. Ku America mu 2019 anthu anadwala mapapo koopsa, pofika February 2020 anali opitirira 2,800 ndipo 68 anamwalira, atafufuza anapeza kuti gwero lalikulu linali vitamin E acetate, yonanda ngati mafuta, yomwe ankasakaniza mu timakatiriji ta chamba togulitsidwa mwamseri. Nde zosadziwika kochokera, zopanda chizindikiro, musiye.

Tibwerere ku batire, ndinangodutsapo mothamanga. Ndi la lithium ngati la foni. Gwiritsani kawaya kake, pa tchaja wamba ya 5V kapena pa kompyuta, zitchaja zothamanga zija ngati pepala lake silinanene kuti zimaloledwa zisiyeni. Tating'ono chonchi sitichedwa kudzadza, kawirikawiri ola silikwana kapena limangopitirira pang'ono, nde palibe chifukwa chokasiya usiku wonse. Osatchajira pabedi, pansi pa pilo ayi, pakhale pouma polimba pomwe mukukaona. Kagetsi kakasintha mtundu kapena kuzima, zulani. Mnzanga yemwe uja, yemwe uja wa pa benchi, anakasiya m'galimoto padzuwa tsiku lonse mawindo otseka, pobwera madzi onse atayikira mu kathupi, patapita masiku kayamba kufufuma m'mbali, iye nkumatchajabe ati bola kakuyaka. Ndinachita kumulanda. Kakafufuma, kakamatentha kosagwirika, kakamanunkha zachilendo, katha ntchito, ndipo poti batire silichoka ndiye kuti kathupi konse kapita. Osakaponya mu bini ya zinyalala wamba, mabatire amenewa akaphwanyika amabuka moto, kapite komwe amasonkhanitsa mabatire akutha ndi mafoni akufa.

Eya, ndi tizitsulo tija pomwe kapodi kamakhala, pamachita chinyontho, nzachibadwa musadabwe. Masiku awiri atatu aliwonse pukutani ndi tishu youma. Kagetsi kakamangophethira osatulutsa nthunzi, musanaganize kuti kafa yambani mwapukuta pamenepo, kenako tchajani, kenako yesani kapodi kena. Koyilo imatha sabata imodzi kapena ziwiri kutengera kakokedwe, madzi otsekemera kwambiri amaidetsa msanga, muzaona madzi akuda, kukoma kwathawa, ndiye sinthani. Nkudikiranso 10 zija.

Za ulendo wanu uja, mu ndege kamayenda m'chikwama cha m'manja, osati chachikulu chopita kunsi, ndipo kukoka kapena kutchaja mu ndegemo nkoletsedwa. Kapodi kakhale kopanda madzi chifukwa kumwamba kamadontha. Mufufuzenso malamulo a komwe mukupita, ku India analetsa mu 2019, ku Singapore ndi ku Thailand nako nkoletsedwa, osangonyamula.

Aa foni ikundichenjeza moto, inenso ndine uja wosatchaja. Tumizani chithunzi cha botolo lija ndi nambala ya pa koyilo, ndione ngati zikugwirizana musanathire. Ngati mwathira kale, yang'anani timathovu tija mundiuze ngati tikukwera.