Achimwene, pepala la magazi a abambo lija ndaliona

Achimwene, mwaswera bwanji ku Kasunguko? Ndayesa kuimba koma netiweki ikungoduka, ndiye ndati ndingojambula mawu. Mumvere mpaka kumapeto, kenako muwatsegulirenso amayi amve okha.

Chithunzi cha pepala la ku labu chafika, ngakhale mwajambula mopendekeka. Mwati mtima wakugundani mutaona kuti CRP ili pa 96. Mtima m'malo kaye. CRP ndi chinthu chimene chiwindi chimapanga n'kuthira m'magazi thupi likakhala pa nkhondo. Kwa munthu wabwinobwino simafika ngakhale pa 10. Ikakwera chonchi imatiuza kuti penapake moto ukuyaka, koma siitchula amene wauyatsa. Malungo amaikweza, TB imaikweza, ngakhale chilonda chotukusira. Ndiye mukaona adokotala akuyezanso malungo ndi makhololo, musati asokonezeka ayi, akufufuza mwini moto.

Kwa abambo moto uli m'mapapo, mwanena nokha kuti pa ekisire paoneka chibayo. Chibayo china chimabwera ndi mavairasi, omwe aja a chimfine, fuluwenza kapena COVID-19. M'mapapo muli timatumba ting'onoting'ono momwe mpweya umadutsira polowa m'magazi. Chitetezo cha thupi chikamalimbana ndi vairasi, timatumbato timatupa n'kulowa madzi. Mukukumbuka anyamata otentha tchire posaka mbewa, moto n'kukathera pa chigafa cha fodya? N'chimodzimodzi. Nthawi zina chimene chimawononga mapapo kwambiri ndi ukali wa chitetezocho, ndipo ukali umenewo ndi umene tikuuona m'magazimo.

Pali mzere wina umene simunaujambule bwino, pomwe alemba lymphocytes. Amenewo ndi ena mwa asilikali a m'thupi. Akatsika kufika pansi pa 1.0, kwinaku ena otchedwa neutrophils akukwera, ife azachipatala timatsegula maso, chifukwa odwala otere ndi amene mapapo awo amavulala kwambiri. Tinaziona zimenezi mu Januwale 2021, COVID itavuta. Mundijambulirenso mzere umenewo pamalo owala. Mukamva akutchula D-dimer, imeneyo imaonetsa ngati magazi akuundana, ndipo akanena zowatumiza ku Kamuzu Central musakane, ine ndidzakuchingamirani konkuno ku Lilongwe.

Tsopano ntchito yanu ndi iyi. Nambala imodzi siikwanira. CRP imatenga pafupifupi masiku awiri kuti ifike pachimake, ndiye mufunse mwaulemu ngati angayezenso mkuja. Tikufuna tione ngati ikutsika kapena ikukwerabe. Koma ngakhale itatsika, ine ndimakhulupirira kapumidwe ka munthu kuposa pepala.

Gulani kope la ana asukulu. Anamwino akabwera ndi kachipangizo kopanira chala kaja koyeza okosijeni m'magazi, funsani nambala, lembani pamodzi ndi nthawi yake. Munthu wabwinobwino amakhala pa 95 kapena kupitirira. Ikatsika pansi pa 90, musadikire kuti kuche, kaitaneni anamwino pomwepo. Usiku wa mu Juni uno zala zimazizira ndipo kachipangizoko kamatha kunama, choncho muziyamba mwawafunditsa dzanja. Muziwerenganso kapumidwe kwa mphindi yathunthu abambo ali phee, foni yanu ili ndi wotchi. Akamapuma kopitirira ka 30, kapena akamalephera kumaliza chiganizo, milomo ikada, kaya ayamba kulankhula zosagwirizana, imeneyo ndi ngozi.

Za mpweya wa okosijeni, ndikupemphani achimwene, wina asachotse kachubu kaja m'mphuno. Ndikudziwa zimene anthu amanong'onezana m'mawodi, zoti ukaikidwa pa mpweya ndiye kwatha. Anthu amamwalira chifukwa afika mochedwa, mapapo atatopa kale. Azakhali akabwera ndi nkhani imeneyo muwapatse foni ndilankhule nawo ndekha.

Musakagule amoxicillin kapena Bactrim pa okala. Mankhwala amenewo sapha vairasi. Adokotala akawabaya a mtundu umenewo, ndiye kuti akuganizira kuti mabakiteriya alowererapo, zimachitika makamaka kwa achikulire, ndipo oweruza ndi iwowo. Za m'botolo zochokera kumudzi ziyambe zadikira.

Asamagone chagada tsiku lonse. Muwatsamiritse ndi mapilo, ndipo anamwino akavomera azigonako chafufumimba, mapapo a kumsana amatseguka bwino. Madzi, thobwa, phala, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Thupi likazizira mawa asayambe zoti ndipite kunyumba fodya akuwonongeka, mukuwadziwa abambo anu. Chingambwe chija n'chosayambanso, ndipo fumbi la posankha fodya alitalikire ngakhale atatuluka.

Adzukulu asabwere ku wodi. Ndipo alamu amuyang'anitsitse khanda lija, paja mwati nalonso likutsokomola. Wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 pa mphindi kapena kupitirira, kapena pansi pa nthiti pakamalowa m'kati, athamange naye, kabaza ndilipira ine.

Ndatumiza kangachepe pa Mpamba, muone ngati kafika. Foni ikhale ndi moto usiku uno, ndiimba ndikaweruka cha m'ma 8 koloko, kope lija likhale pafupi.